Kodi ndichotse automatic mu Surf yangayi ndiikemo manual?

Wowerenga wina wa ku Nkhotakota wafunsa motere: "Ndili ndi Toyota Hilux Surf ya 1998, ya dizilo, injini ya 1KZ-TE, automatic. Ndimanyamulira mpunga wa faya ndi nsomba zouma kupita nazo ku Lilongwe, nthawi zina ndimafikanso ku Dwangwa. Masiku ano ndikaika pa D m'mawa imayamba yazengereza isanagwire, ndipo pokwera mapiri a ku Mvera injini imangolira koma liwiro osaoneka. Makaniko wanga akuti automatic ndi mavuto okhaokha, tingoichotsa tiikemo manual, ati ngakhale batire itafa ndizingokankha. Kodi zimenezi zimatheka? Nanga ndichite?"

Bambo, mwachita bwino kufunsa sipanala isanakhudze galimotoyo. Ambiri amene amandipeza kuno ku Salima ndi nkhani imeneyi amafika mawaya atadulidwa kale, ndalama zitapita kale, ndipo chimene amafuna kwa ine n'chakuti ndiwabwezere galimoto imene anali nayo poyamba.

Zotheka zimatheka. Surf yanuyo, imene pa chitsulo chake cha manambala yalembedwa kuti KZN185, a Toyota ankaitulutsa ya mitundu iwiri kuchokera ku fakitale, ina automatic ina manual, pa injini yomweyo ya 1KZ-TE. Ndiye malo a zipangizo za manual alipo kale m'thupi mwake. Koma ine maganizo anga ndi awa: musayambe ntchito imeneyi musanapeze Surf ina yathunthu ya manual, ya injini yomweyo, yoti muchotsemo chilichonse mpaka bawuti. Ndipo musanayambe n'komwe kufunafuna galimoto yoteroyo, tsimikizani kaye kuti giyabokosi imene muli nayoyo yafadi. Pa zimene mwafotokozazi, ine sindinaiike m'manda.

Giyabokosi imene ili mu Surf yanuyo ndi ya banja la A340, yopangidwa ndi kampani ya Aisin. Ili ndi magiya anayi, ndipo pa ma automatic onse amene ndagwirapo, imeneyi ndi imodzi mwa zolimba kwambiri. Chimene chimaipha ndi kutentha ndi oyilo woipa. Mu automatic, oyilo amagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: ndi amene amatenga mphamvu ya injini n'kuipereka ku giyabokosi kudzera mu torque converter (chipangizo chimene chimalowa m'malo mwa kilatchi pa automatic), ndi amene amakanikiza timakilatchi ta m'kati kuti giya igwire, komanso ndi amene amachotsa kutentha. Oyiloyo akachepa kapena akapsa, zizindikiro zake ndi ziwiri zomwe mwatchulazo, kuchedwa kugwira m'mawa ndi kuterereka pachitunda.

Ndiye mawa lomwe chitani izi. Yendetsani galimoto mpaka itenthe bwino, muimike pamalo osapendekeka, injini isazime. Mutaponda buleki, dutsitsani ndodo ya giya pa P, R, N, D, 2 ndi L pang'onopang'ono, kenaka mubwerere pa P. Solani kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi, mupukute, mubwezere, musolenso. Oyilo afike pa mizere yolembedwa HOT. Mudonthezere pa pepala loyera. Wabwino amakhala wofiira ndipo amaonekera. Akakhala wa bulawuni, watopa koma giyabokosi ikhoza kukhala idakali ndi moyo. Akakhala wakuda, wonunkha ngati nsima yopserera pansi pa mphika, ndipo mukamutikita pakati pa zala mukumva timchenga, ndiye kuti timakilatchi tadyeka. Palinso mtundu wachinayi umene ndimauopa kwambiri: oyilo wooneka ngati chambiko chofiirira. Ameneyo wasakanikirana ndi madzi. Oyilo wa giyabokosi amakazizira mu kapaipi kamene kali m'kati mwa rediyeta, kumunsi kwake, ndipo kapaipiko kakaboola ndi dzimbiri madzi amalowa mu giyabokosi. Zikakhala choncho musaiyendetsenso ngakhale kupita pamsika.

Makaniko wanu atsegulenso beseni la pansi pa giyabokosi. M'menemo muli sefa ndi timaginito. Fumbi lakuda losalala pa timaginitoto ndi lachibadwa pa galimoto ya zaka zimenezi. Tizidutswa ta chitsulo tonyezimira ndiye uthenga woipa. Ngati mulibe tizidutswa, asinthe sefa, athire oyilo watsopano wa mtundu wa Dexron III, aonenso kebulo yochoka ku injini kupita ku giyabokosi, chifukwa magiyabokosi ambiri a banja limeneli amadalira kebulo imeneyi kuti mphamvu ya oyilo ikwere mukaponda moto. Ikalendewera, giya imaterereka ngakhale m'kati muli bwinobwino. Ndaonapo anthu akugula giyabokosi ina pa vuto la kebulo. Muonenso ngati kanyali ka O/D OFF ka pa mawotchi a kutsogolo kamaphethira kokha poyenda. Kakamaphethira, kompyuta yasunga nambala ya vuto, ndipo nthawi zambiri limakhala la solenoid (kavalavu ka magetsi kotsegula ndi kutseka njira ya oyilo) kapena la sensa ya liwiro, zinthu zosinthika giyabokosi ili pomwepo.

Kuno kunyanja tili ndi mdani amene a ku Dedza samudziwa bwino. Mu Okutobala ndi Novembala, galimoto yodzaza matumba a mpunga ikachoka ku Nkhotakota pa M5, kufika ku Salima oyilo amakhala atatentha kale, ndiye kenaka ikuyamba kukwera M14 kulowera ku Mvera. Woyendetsa akasiya pa D ndi overdrive (giya yachinayi ija), giyabokosi imangosinthasintha pakati pa giya yachitatu ndi yachinayi, ndipo kusinthasinthako n'kumene kumaphika oyilo. Dinani batani la O/D OFF, lozimitsa overdrive, musanayambe chitunda, ndipo pamene pakula kwambiri kokerani pa 2. Kuonjezera karediyeta kakang'ono ka oyilo kutsogolo kwa rediyeta yaikulu ndi ntchito ya theka la tsiku. Pa 1KZ-TE izi n'zofunika kawiri, chifukwa injini imeneyi imadziwika ndi kung'aluka mutu ikatenthedwa, ndipo giyabokosi yoterereka imatayira kutentha kwake konse mu rediyeta yomweyo imene injini ikudalira.

Tsopano tinene kuti mwatsegula ndipo mwapezadi kuti yatha. Muli ndi njira zitatu: kugula automatic ina yogwiritsidwapo ntchito ya mtundu womwewo, kukaimangitsa yomweyo kwa amene amadziwa za automatic ku Lilongwe, kapena kusintha kupita ku manual. Njira yoyamba ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa mabawuti, mawaya ndi mapaipi zonse zimangobwerera m'malo mwake. Yachitatuyi ndi imene makaniko wanu waipeputsa, ndiye ndikhalepo pang'ono.

Anthu akamati "tiikamo manual" amaona giyabokosi yokha. Giyabokosiyo, ya banja la R150 kapena R151, ndi gawo limodzi chabe. Kumbuyo kwa injini yanu kulibe flywheel, chimbale cholemera chimene kilatchi imamangidwapo. Kuli kachimbale kopyapyala kamene torque converter imamangidwapo. Kameneka kachoke, pabwere flywheel yolemera ya 1KZ ya manual ndi mabawuti ake, omwe ndi aatali kuposa amene alipowo. Pakati pa crankshaft (shafti yaikulu ya injini) palowe kaberingi kakang'ono kogwira nsonga ya shafti ya giyabokosi. Kameneka amakaiwala kawirikawiri chifukwa pa automatic kalibe ntchito, ndipo kakaiwalika giyabokosi imayamba kulira pakangotha miyezi yochepa. Kenaka kilatchi yonse: mbale yake, chokanikizira, beringi ndi foloko. Izi mugule zatsopano, kupatula folokoyo. Kilatchi yakale ya m'galimoto yophwasulidwa musaikhulupirire, chifukwa ikatha mudzatsitsanso giyabokosi yonse. Muli pomwepo musinthe silo ya kumbuyo kwa crankshaft, imene ikadontha imanyowetsa kilatchi yatsopanoyo ndi oyilo.

M'kati mwa galimoto, pansi pa chiwongolero, pafunika chopondera cha kilatchi ndi chitsulo chake chogwirira, komanso chopondera buleki chaching'ono, popeza cha automatic n'chachikulu ndipo phazi lamanzere lizigundana nacho. Khoma la pakati pa injini ndi woyendetsa libooledwe kuti pakhale master cylinder (kapampu kamene chopondera kilatchi chimakankha), paipi itsike mpaka ku slave cylinder (kamene kamakankha foloko ija). Ndodo ya giya, chivindikiro chake ndi mphira wotchinga fumbi, zonsezi n'zosiyana. Pansi pa galimoto, giyabokosi ya manual kutalika kwake n'kosiyana ndi ya automatic, ndiye transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) imasuntha malo. Ikasuntha, propshaft yakutsogolo ndi yakumbuyo (mashafti opititsa mphamvu ku matayala) sizikwananso, ndipo chitsulo chonyamula giyabokosi nacho chimafuna chake. Transfer case yeniyeniyo mutenge imene inabadwa ndi giyabokosi ya manualyo, zisasiyanitsidwe, chifukwa polumikizira pake sipafanana nthawi zonse ndi pa automatic.

Mwaona chifukwa chake ndikulimbikira za galimoto yathunthu. Mukati muzitola chimodzichimodzi, giyabokosi ku Biwi, flywheel kwa wina ku Mchesi, zopondera kwa munthu amene akuti "ndi za Prado koma zimalowa", mudzayenda ulendo wa ku Lilongwe kangapo, ndipo Surf idzakhala pa matabwa mwezi wathunthu nyengo ya mpunga ikudutsa. Chikhalirenicho ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera moti kulakwitsa kamodzi kumapweteka. Mtengo umene makaniko angakuuzeni pakamwa, mufunseni aulembe papepala chinthu ndi chinthu monga ndatchuliramu. Mukaphatikiza, muuyerekeze ndi mtengo wa automatic ina. Kawirikawiri pepala limayankha lokha.

Chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongogwirizira ndi magetsi. Galimoto ya automatic ili ndi switchi imene imakana kuti sitata izungulire ngati ndodo siili pa P kapena N. Giyabokosi ikachoka, switchiyo imapita nayo, ndipo galimoto siilira. Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi kungolumikiza mawaya awiriwo. Imaliradi, koma imalira ngakhale ili m'giya. Chaka china anandibweretsera Surf yosinthidwa kwina, bampala itapindika. Mwini wake anaisiya mu giya yoyamba pakhomo, mnyamata wotsuka galimoto anapotokola kiyi kuti amvere wailesi, anapitiriza pang'ono, galimoto n'kudumpha kukagunda khonde pamene ana amasewerera masiku onse. Tsiku limenelo kunalibe mwana pakhondepo. Kuyambira pamenepo galimoto iliyonse yotereyi ndimaiikira switchi pa chopondera kilatchi, kuti isalire munthu asanaponde. Ndi kanthu kotsika mtengo, ndipo ndikukupemphani kuti musalole kutulutsa galimoto m'galaja kalibe.

Galimoto yomweyo inali ndi mavuto ena amene akuonetsa mmene ntchito yothamangira imakhalira. Propshaft anaidula n'kuiwotcherera ndi maso, ndiye ikafika pa 80 galimoto yonse inkanjenjemera mpaka galasi loonera kumbuyo. Nyali za rivesi sizinkayaka chifukwa poyamba zinkadutsa mu switchi ya automatic ija, ndipo palibe anazilumikiza ku switchi ya pa giyabokosi yatsopano. Kanyali ka vuto la injini kanali koyaka usana ndi usiku, chifukwa kompyuta inkafunafuna ma solenoid amene kulibenso. Mwini wake anakazolowera, zimene zikutanthauza kuti tsiku limene injini idzakhale ndi vuto lenileni sadzadziwa. Mankhwala ake ndi kutenga kompyuta ya manual pamodzi ndi mawaya ake kuchokera mu galimoto yopereka zipangizo ija. Muonetsetsenso kuti sipidomita ikuwerenga bwino, kuti 4WD ikulowa ndi kutuluka, ndiponso kuti kiyi akutuluka, pakuti pa ma automatic ambiri kiyi amakanirira mpaka ndodo ifike pa P.

Tsopano mfundo za makaniko wanu, zimene sindikuzitaya zonse. Pa zokankha, n'zoona kuti manual imalira poikankha batire ikafooka, ndipo kwa munthu wogona ku Benga kapena kumidzi ya kumtunda kwa Bua kumene kulibe wokupatsa moto, zimenezi si zachabe. Koma 1KZ-TE pampu yake ya dizilo imalamulidwa ndi kompyuta. Batire ikafa yonse, mukhoza kukankha kuchoka pa boma mpaka ku Chia osalira. Imafuna magetsi otsalako oti adzutse kompyuta ndi kutenthetsa ma glow plug, timapulagi tothandiza injini ya dizilo kulira ikazizira. Komanso Surf yodzaza mpunga, pamchenga, anthu oikankha muwapeza angati? Batire yabwino ndi mawaya opatsirana moto m'galimoto zimathetsa vuto limeneli pa mtengo wochepa kwambiri.

Pa mafuta, m'tauni ndi m'misewu yafumbi manual imamwa mochepako, ndikuvomereza. Pamsewu wautali kusiyana kumachepa. Automatic yanuyo ikafika pa liwiro lokhazikika torque converter imadzikhoma, ndipo giya yake yachinayi ili pakati pa 0.70 ndi 0.75, pamene giya yachisanu ya manual ija ndi 0.838. Ngati ma diff (magiya a pakati pa matayala) atsala omwewo, pa 100 injini izizungulira mofulumira kuposa kale. Pa chitsulo cha manambala chija pali mzere wolembedwa TRANS/AXLE, umene umanena mtundu wa giyabokosi ndi wa diff. Muyerekeze wa galimoto yanu ndi wa inayo musanagule.

Pamchenga, pamene inu ogula nsomba mumalowa kawirikawiri, ine ndimasankha automatic. Mchenga umafuna mphamvu yosadukiza. Pa manual, mukangoponda kilatchi kuti musinthe giya, galimoto imaima nthawi yomweyo n'kuyamba kukumba, ndipo woyendetsa amayamba kuseweretsa kilatchi mpaka fungo. Makilatchi ambiri amene ndasintha a galimoto za ku Senga Bay anapsera pagombe. Pamene manual imapambanadi ndi potsetsereka ndi katundu, monga pobwerera kuchokera ku Lilongwe, chifukwa injini imagwira galimoto mwamphamvu ndipo mabuleki amapuma. Koma ngakhale pamenepo 2 ndi L anaziikira ntchito yomweyo, kungoti ambiri sitizigwiritsa. Phindu lina lenileni la manual n'lakuti makaniko aliyense wa pa Dwangwa kapena pa Kamuzu Road akhoza kusintha kilatchi, pamene odziwa kutsegula automatic ndi owerengeka. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo ndi yokhayo imene ingandichititse kuvomera.

Ndinenepo pang'ono kwa ena amene akuwerenga ali ndi galimoto zaposachedwa, monga Nissan X-Trail ya T31 imene inayamba mu 2007, yokhala ndi CVT (mtundu wina wa automatic), kapena RAV4 ya zaka zomwezo. Kwa inu yankho langa ndi ayi. Mu galimoto zimenezi kompyuta ya injini, ya giyabokosi, ya ABS, ya 4WD ndi mawotchi a kutsogolo zimalankhulana pa mawaya amodzi, ndipo imodzi ikasowa zinazo zimadandaula kapena kuchepetsa mphamvu ya injini. Kusintha kompyuta kumakoka nkhani ya kiyi, chifukwa kiyi ndi kompyuta anazikwatitsa ku fakitale. Ngati mukufunadi manual, gulitsani imeneyo mugule yobadwa manual. Ndipo CVT ya X-Trail imafuna oyilo wake wa NS-2. Zambiri zimene zafa kuno zinaphedwa ndi oyilo wofiira wamba amene wina anathira ndi mtima wabwino.

Kubwerera kwa inu bambo. Ngati automatic yafadi, ndipo mwapeza Surf ya manual imene inachita ngozi kapena inafa injini koma pansi pake pali bwino, ndipo mukufuna kukhala nayo galimoto yanuyi zaka zambiri osaganiza zogulitsa, pamenepo sinthani, ndipo mudzasangalala nayo. Ndikutchula zogulitsa chifukwa wogula wodziwa akaona mawotchi olembedwa P R N D pa galimoto ya manual amayamba kutsitsa mtengo. Mufunsenso amayi kunyumba ngati nawonso amaiyendetsa, chifukwa kilatchi ya dizilo pamzere wa magalimoto ku Lilongwe imatopetsa bondo.

Pogula giyabokosi ya manualyo, khuthulani oyilo wake m'beseni loyera muone ngati muli zitsulo. Zungulizani shafti ndi dzanja mukulowetsa giya iliyonse mpaka rivesi, mumve ngati pali pokakamira kapena polira. Flywheel ikapalidwe pa makina isanaikidwe. Mu giyabokosi muthire oyilo wa magiya wa 75W-90, ndipo mu master cylinder ya kilatchi mumalowa mafuta a buleki a DOT 3. Timapaipi tiwiri ta oyilo pa rediyeta titsekedwe. Makaniko mugwirizane naye polemba, mumulipire m'zigawo, gawo lomaliza likhale la pambuyo poyesa galimoto pamsewu, itanyamula katundu, mpaka pa liwiro limene mumayenda masiku onse. Zonse zochotsedwa, giyabokosi, torque converter, kompyuta, ma propshaft, mutenge mukasunge kapena mugulitse nokha, chifukwa zimenezo ndi ndalama. Mukatha mukawadziwitse a Road Traffic ndi a inshuwalansi yanu za kusinthaku, kuti zolembedwa zigwirizane ndi galimoto, pasadzakhale pokanira tsiku la ngozi.

Ngati mungafune kuti wina aione ku Salima kapena ku Lilongwe ndipo yafika posayenda yokha, musaikoke ndi chingwe matayala ali pansi. Pampu ya oyilo ya automatic imazungulira ndi injini, ndiye injini ikakhala yozima zitsulo za m'kati zimazungulira zouma, ndipo giyabokosi imene ikanapola ndi sefa ndi oyilo imakafika itatheratu. Muikweze pa lole, kapena amasule ma propshaft onse awiri musanayambe ulendo. Mukayeza oyilo uja mundilembere mtundu wake ndi fungo lake, komanso zimene mwapeza pa timaginito, ndidzakuuzani ngati ili yoyenera kuitsegula kapena ayi.